Buleki Imene Kompyuta Inaiwala

Mwana wanga anabwera ndi lole yake ku galaja Lachiwiri masana, n'kuiimika pakhomo penipeni, pamene ndimaletsa makasitomala kuimikapo. Anatsika, anazungulira kumbuyo kwa kabini, n'kukhudza chitsulo chapafupi ndi paipi ya utsi. Chala chinabwerako chili bii.

"Mwaona, ababa? Ndikangoponda pang'ono, apanjinga amene ali kumbuyo kwanga amasowa mu utsi. Ndipo pa chitunda chilichonse injini ikumatentha. Ndatopa nazo."

Loleyo anagula ndi mwamuna wake zaka zitatu zapitazo, yakale koma yolimba. Woyendetsa ndi iyeyo. Mwamuna wake ndi makaniko, munthu wa zitsulo, ndipo anzake amamutchula kuti Jeke chifukwa akuti tsiku lina ananyamula giyabokosi yekha. Ine ndine wa magetsi a galimoto, ntchito imene masiku ano yasanduka ya laputopu ndi chingwe. Injini ya lole ngati imeneyi imalamulidwa ndi kabokosi kachitsulo kokula ngati buku, kamene timangokatchula kuti kompyuta. Ndi kamene kamanena kuti mafuta alowe ochuluka bwanji, alowe liti, ndiponso kuti liwiro lilekezere pati. Munthu wodziwa angathe kulowamo n'kusintha manambala. Wosadziwa naye angathe.

Mkamwini wanga anatsikira khomo linalo, chipewa chili m'manja.

"Akamwini, munaichita chiyani galimotoyi?"

"Tinangoitsegula pang'ono, bambo. Inkavutika pa zitunda."

"Munaitsegula. Ndi chitini kodi?"

Mwana wanga anaseka. Mwamuna wake sanaseke. Anayamba kuwerenga ndi zala zake zikuluzikuluzo.

"Pali mnzanga wina ali ndi makina ake. Choyamba tinakweza mafuta. Kenako tebo. Kenako tinachotsa malire a liwiro. Ndiye palinso chija tinaika chaka chatha, chija cha..."

"Basi, sindikufuna mndandanda. Zonse zimene munaikamo zichoka. Ibwerera mmene inatulukira kufakitale."

"Chabwino, bambo."

Ine ndi mkamwini wanga sitinakanganepo. Sitinachezeponso kwenikweni. Akabwera kwathu amakhala pampando wapafupi ndi khomo, ndikamayankhula amayang'ana pansi, ndipo ndikamudula mawu sabwereranso pamene analekezera. Ndinkaona kuti ndi khalidwe labwino, ndipo ndi labwinodi.

Lachitatu m'mawa ndinagwira ntchitoyo mmene ndimaigwirira nthawi zonse. Ndinayamba ndi kulumikiza mabatire ku chaja, chifukwa moto ukangotsika ntchito ili pakati, kompyuta imafa osadzukanso. Ndinalowetsa chingwe kunsi kwa dashibodi. Ndinakopera zonse zimene zinali m'kompyutamo n'kuzisunga pa laputopu, monga ndimachitira ndisanafufute chilichonse. Kenako ndinatenga fayilo ya kufakitale ya lole yomweyi, malinga ndi nambala yake ya chesisi, n'kuitumiza. Kamzere kobiriwira kanakwawa kwa mphindi makumi anayi, ine ndili phee pampando wa dalaivala, osakhudza ngakhale chitseko. Katafika kumapeto ndinathimitsa kiyi, ndinadikira mphindi imodzi, n'kuyatsanso.

Kompyuta ikafufutidwa imafunika kuphunziranso injini yake, choncho ndinaisiya ikulira mpaka itatentha bwino. Masana tinakaiyesa ndi mwana wanga mumsewu wa kumafakitale, wosalala ngati tebulo, loleyo ilibe katundu. Makilomita khumi kupita, khumi kubwera. Utsi kunalibe. Singano ya kutentha inakhala pakati osasuntha.

"Wabwerera mwakale, nkhalamba yanga," anatero mwana wanga, akusisita chiwongolero.

"Ukunena ine kapena galimoto?"

"Nonse awiri."

Lachinayi anapakira matumba a simenti, matani makumi awiri ndi asanu ndi atatu, opita kuchigwa kumene akumanga mlatho. Anadutsa pagalaja teni koloko n'kuliza hutala kawiri, osaima. Msewu wake ndimaudziwa. Umayenda pathyathyathya makilomita 130 mpaka pa sikelo ya malole. Ukangodutsa sikelo umayamba mtsetse wa makilomita khumi ndi imodzi, wokhotakhota, phiri mbali ino, phompho mbali inayo.

Cha m'ma hafu leveni kunalibe kasitomala. Ndinatsegula laputopu n'kuika mafayilo awiri aja pamodzi, yakale kumanzere, ya kufakitale kumanja. Ndinene zoona: ndinkafuna kusindikiza pepala loti ndikamuonetse mkamwini wanga, aone ndi maso ake zimene mnzake wa makina uja anachita. Laputopu inandionetsa mizere khumi ndi inayi imene inali yosiyana. Ndinayamba kuiwerenga, tiyi ali pambali. Mafuta anakwezedwa mopitirira. Tebo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, chimodzimodzi. Malire a kutentha anasunthidwa kuti nyali yochenjeza isamayake. Pamzere uliwonse ndinkapukusa mutu, ndipo ndinkamva kukoma.

Mzere womaliza unali wa buleki ya ekizozi. Kumanzere unati ilipo. Kumanja unati palibe.

Ndinauwerenga katatu. Buleki ya ekizozi ndi kachitseko kamene kamakhala m'paipi ya utsi. Dalaivala akakankha swichi, kompyuta imakatseka, injini imabanika n'kumaigwira lole kuti isathamange pamtsetse. Imalira mobuula, moti munthu amaimva ali patali. Popanda imeneyi, ntchito yonse imatsalira mabuleki a phazi, ndipo mabuleki a phazi, ndi katundu wolemera pamtsetse wautali, amatentha. Akatentha mokwanira amasanduka sopo. Umaponda, galimoto n'kumangopita.

Lole imeneyi inapangidwira kuyenda m'matauni, ndipo kufakitale inatuluka yopanda buleki imeneyi. Wina anachita kuiika pambuyo pake, n'kuiuza kompyuta kuti tsopano ilipo. Ndicho chimene mkamwini ankati chija tinaika chaka chatha. Ndipo dzulo, ndi manja angawa, ndinaiuza kompyuta kuti iiwale.

Ndinaimbira mwana wanga. Foni inali yothimitsa. Sizinandidabwitse. Tsiku limene analandira laisensi ndinamulonjezetsa kuti akakhala pachiwongolero foni izikhala yothimitsa, m'chikwama, ndipo mwa zonse zimene ndinamuuzapo pamoyo wake, chimenechi chokha ndi chimene amasunga. Ndinaimbanso kachiwiri, ngati kuti foni ingayake yokha chifukwa ndi ine.

Mkamwini wanga amagwira ntchito misewu itatu kuchokera pagalaja. Ndinamuimbira, ndipo anafika akuthamanga, manja ali girisi yekhayekha. Ndinamutembenuzira laputopu n'kuloza mzerewo.

"Munaika ndinu?"

"Eya, bambo. Ankadandaula kuti mabuleki akumanunkha pamtsetse uja, ndiye ndinagula yonse n'kuimangirira. Mnzanga uja ndiye anaitsegula m'kompyuta."

"Bwanji simunandiuze?"

Anayang'ana pansi. Funsolo linali lopanda chilungamo, ndipo tonse tinkadziwa.

"Ndimayesa makina anu amaona zonse, bambo."

"Nyali yake ya pa dashibodi munailumikiza kuti?"

"Ku swichi."

"Osati ku kompyuta?"

"Ayi. Ku swichi basi."

Ndiye kuti akakankha swichi pamwamba pa phiri, nyali iyaka bwinobwino n'kumuuza kuti zonse zili m'malo.

"Amatsika ndi giya yanji?"

"Kale ankatsika ndi yachitatu. Chiikireni bulekiyo amatsika ndi yachisanu." Anayang'ananso mzerewo. "Imagwira bwino kwambiri, bambo. Amaidalira."

Galimoto yanga inali pamajeke, yopanda mawilo akutsogolo. Ndinatuluka ndi laputopu kukhwapa n'kulowa pa shedi yoyandikana nafe. Mwini wake ndi wokonza matayala, munthu wamimba yaikulu amene takhala moyandikana zaka makumi awiri, ndipo chiyambire amanditchula kuti Pulofesa.

"Pulofesa, mwaona mzukwa masanasana?"

"Ndibwerekeni pikapu."

"Pikapu yanga ili ngati mswachi, sibwerekedwa." Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana mkamwini wanga, n'kusiya chitsulo chimene chinali m'manja. "Kwerani. Ndiyendetsa ndekha. Mundiuza m'njira."

Tinanyamuka nthawi itatsala mphindi khumi kuti ikwane thwelofu. Tinakhala atatu kutsogolo, mkamwini wanga pakati, mawondo ake atatsamira dashibodi. Ndinawerengera m'mutu. Ndi katundu ameneyo mwana wanga sapitirira fifite, ndiye afika pa sikelo cha m'ma hafu thwelofu. Mzere wa malole ukakhala wautali angataye theka la ola, mwinanso kuposa. Pikapu ya Wamatayala ikafika handiredi imanjenjemera ngati ili ndi malungo. Ndinawerengera kangapo, ndipo nthawi zonse tinkachedwa ndi mphindi makumi awiri.

"Mwana wanu uja ndi dalaivala kuposa amuna onse amene ndimawadziwa," anatero Wamatayala nditamufotokozera. "Matayala ake amatha mofanana, ngati wachita kuwameta. Akangomva kuti chinthucho sichikulira, atsitsa giya, basi."

"Pamtsetse, ndi katundu ameneyo, giya ukaichotsa sibwereramonso," anatero mkamwini wanga. "Umatsala pa nyutulo."

"Iwe Jeke, ndimayankhula ndi apongozi ako."

Kenako Wamatayala anatulutsa foni yake n'kumupatsa mkamwini wanga.

"Fufuza pamene palembedwa kuti Mlamu Sikelo. Amagulitsa madzi ndi nthochi pompo. Palibe lole imene imadutsa iye osaiona."

Foniyo inaitana mpaka kuduka. Tinaimbanso. Inaitananso mpaka kuduka.

"Amaisiya pansi pa tebulo, m'ndowa," anatero Wamatayala. "Akuti amaopa akuba. Ndani angabe chifoni chimenecho? Uziimbabe."

Mkamwini wanga ankaimba mosinthanitsa, kwa mlamu uja, kwa mkazi wake, kwa mlamu uja. Ine ndinagwira laputopu pamiyendo ndi manja awiri. Kukonza cholakwikacho kunali kwa mphindi zosakwana zisanu: kulowetsa chingwe, kusintha liwu limodzi, kuthimitsa kiyi, kuyatsa. Ndinkabwereza zimenezi mumtima mwatsatanetsatane, chifukwa ndikasiya, mutu unkapita kwina. Unkapita ku madiramu a mabuleki, mmene amayambira kununkha, kenako kufuka, kenako kufiira. Ndinaphunzira zimenezi m'kalasi, ndi manambala ake omwe, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala mbuli.

Titayenda pafupifupi theka la ulendo tinapeza akukonza msewu. Mzimayi wovala chipewa chachikasu anatikwezera mbendera yofiira. Wamatayala anatulutsa mutu pawindo.

"Achemwali, tili ndi ngozi kutsogoloku, tiloleni."

"Aliyense ali ndi ngozi, bambo. Njira ndi imodzi, kukubwera magalimoto."

Sankanama. Anadutsa basi, malole awiri, thirakitala yokoka ngolo ya mchenga. Thirakitalayo ndinaiyang'ana kuyambira pamene inaonekera mpaka inatidutsa, ndipo woyendetsa wake ankadya chinangwa mosatekeseka. Tinaima mphindi zisanu ndi zinayi.

"Mwana aweruka thuu koloko," anatero mkamwini wanga mwadzidzidzi. Ankanena mdzukulu wanga, wa zaka zisanu ndi chimodzi. "Ndinayenera kukamutenga ndine."

"Imbirani aneba akamutenge," ndinatero. "Muwauze kuti mwatanganidwa. Musanene zina."

Anaimba. Mawu ake anali abwinobwino, anafika mpaka pothokoza kawiri. Atadula, anayambiranso kuimbira mlamu uja.

Wani koloko itangodutsa, mlamu wa Wamatayala anayankha. Mkamwini wanga anakweza mawu a foni kuti tonse timve. Kumbuyo kwake kunkamveka injini zambiri.

"Alamu, mamisidikolo onsewa, kwagwanji?"

"Mlamu, siya zonse," anatero Wamatayala. "Pali lole yoyera ya simenti, woyendetsa ndi mzimayi. Waiona?"

"Adalaivala achizimayi aja? Andigula madzi pompano. Ali pa sikelo penipeni, ndikuwaona."

Ndinawerama kufupi ndi foniyo.

"Mayi, ndine bambo ake. Thamangani mukawauze kuti asatsike phiri. Mabuleki ali ndi vuto. Asatsike. Chonde thamangani."

"Nanga katundu wangayu?"

"Mlamu, ndikugulira nthochi zonsezo," anatero Wamatayala. "Thamanga."

Tinamva masilipasi akuwomba pansi, kupuma, hutala ya galimoto ina, munthu akutukwana. Kenako phokoso la nsalu, ngati foni yalowa m'thumba. Wamatayala anachepetsa liwiro osadziwa, ndipo ndinamugwira mkono kuti aponde.

Mawu anabweranso, akupuma mwabefu.

"Yanyamuka. Ndathamanga mpaka pageti. Ndawakwezera manja onse awiri, iwo angondibayibitsa."

"Pali wanjinga yamoto pafupi? Wina aliyense woti awathamangire?"

"Onse apita kumsika, lero ndi tsiku lake. Alamu, kodi ndi zoopsa?"

Wamatayala anatenga foniyo n'kuidula.

Makilomita amene anatsala sindiwakumbuka bwino. Ndikukumbuka kuti ndinkaponda pansi ndi phazi lamanja ngati pali buleki. Malemu mkazi wanga, amake a mwana wangayu, anadwala miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinali ndi nthawi yozolowera zimene zinkabwera. Apa panalibe nthawi, komanso panalibe matenda oti ndiwaloze chala.

Tinadutsa pa sikelo osaima. Mzimayi wina wa chitenje chobiriwira anaimirira pafupi ndi tebulo la nthochi, manja ali m'chiuno, akutiyang'ana. Chikwangwani chachikulu chinati malole atsike ndi giya yaing'ono. Kenako msewu unapendekera kutsogolo, ndipo chigwa chonse chinaonekera pansi, patali kwambiri.

"Tsegulani mawindo," ndinatero.

Kilomita yoyamba mtsetse wake ndi wofatsa. Pakona yoyamba panalibe kanthu. Tinakumana ndi minibasi ikukwera, ndipo ndinayang'anitsitsa dalaivala wake, chifukwa madalaivala akaona ngozi kumbuyo amaphethiritsa nyali kuchenjeza anzawo. Sanaphethiritse. Tinakumananso ndi kagalimoto kofiira. Nakonso ayi. Pakona iliyonse mkamwini wanga ankadzutsa khosi kuyang'ana zitsulo zotchinga kuphompho, ngati zili zonse. Zinali zonse, kupatula malo amodzi pamene zinapindika, koma dzimbiri lake linali lakale.

Pa kilomita yachinayi fungo linalowa. Aliyense wogwira ntchito ya galimoto amalidziwa, lowawa, lokhala ngati tsitsi ndi labala zikupsera pamodzi.

"Malole onse amanunkha pano," anatero Wamatayala. "Ndi fungo la phiri lino."

Tinakhota kona ina, ndi inanso. Fungo linkakula. Ndiye Wamatayala anayankhulanso, motsitsa mawu, ngati akudziuza yekha.

"Palibe galimoto ikukwera."

Zinali zoona. Chidutsireni kagalimoto kofiira kaja, mbali inayo ya msewu inali mbee. Msewu umenewu sukhala choncho masana. Magalimoto akasiya kukwera, ndiye kuti china chake chatseka njira kumunsi.

Mkamwini wanga anayamba kupemphera chapansipansi, mawu amodzimodzi mobwerezabwereza. Ine ndinayang'ana khoma la phiri, pamene anachita kusema mwala kuti msewu udutse. Pa kilomita yachisanu ndi chiwiri ndinaona mzere woyera pamwalapo, wautali, wofika m'chifuwa mwa munthu. Unali penti. Unkaduka n'kuyambanso. Pamsewu panali galasi loonera kumbuyo, lathunthu ndi mkono wake. Kenako sitepe ya kabini. Kenako matumba a simenti, ena athunthu, ena ophulika, ndipo masamba a mitengo ya m'mbali anali otuwa.

Titakhota tinapeza magalimoto asanu ataima. Wamatayala asanaimitse bwino, mkamwini wanga anali atandidumpha kale pamiyendo n'kutuluka. Ndinamutsatira wapansi. Ndinazindikira pambuyo pake kuti laputopu ndinali nditainyamulabe.

Loleyo inali itagona chopendekera m'ngalande, itatsamira phiri, kumbuyo kwake kutapingasa msewu. Mbali ya wokwera inali itaphwanyika mpaka pakati pa kabini. Mawilo akumbuyo ankafuka, ndipo amuna awiri ankawathira dothi ndi manja. Kutsogolo pang'ono, mamita osakwana makumi atatu, panaima basi yathunthu, yopanda chilema, anthu ake atatsika n'kuunjikana. Chitseko cha dalaivala chinali chotsegula. Ndinayang'ana m'kati. Pampando panalibe munthu. Pa dashibodi kanyali kobiriwira ka swichi ija kanali kakuyakabe.

"Dalaivala ali kuti?" Ndinabwereza mokweza. "Dalaivala wa lole iyi ali kuti?"

Mnyamata wina wa m'basi analoza ndi mutu. Pamwamba pa kalavati panakhala munthu wotuwa kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, ngati chiboliboli, atagwira mkono wamanzere ndi dzanja lamanja. Ndinali nditamudutsa kale osamuzindikira. Pachipumi panali mzere wa magazi umene unasakanizika ndi simenti n'kuuma. Maso okha ndi amene anali ake.

"Ababa? Mukutani kuno?"

Ndinagwada n'kumugwira bondo. Linali lofunda. Ndinafunsa ngati zala za mkonowo zikuyenda. Anaziyendetsa, akukukuta mano.

"Ndinakankha swichi pakona yoyamba," anatero. Ankayankhula mofulumira, mopanda kukweza kapena kutsitsa mawu. "Nyali inayaka koma sinabuule. Ndinathimitsa, kuyatsanso, zii. Ndinafuna kutsitsa giya koma inali itathamanga kale, ndinaopa kutsala pa nyutulo. Ndiye ndinkangoponda n'kusiya, kuponda n'kusiya. Mabuleki anagwira mpaka pamwamba apo. Kenako ndinaponda, palibe. Basi ili patsogolo panga, ikuyenda pang'onopang'ono, kumbuyo kwake kuli ana akusuzumira pagalasi. Ndinangoipereka kuphiri."

"Anaigunditsa kumwala dala, bambo," anatero mkulu wina wa m'basi, wovala tayi. "Katatu konse. Ife timangomva kukukuta kumbuyo."

Mkamwini wanga anali atagwada mbali inayo, akufuna kumupukuta kumaso ndi shati yake. Mwana wanga anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo nkhope yake inasintha.

"Usandigwire."

"Pepa."

"Pepa chiyani? Ndinakuuza kangati kuti usiye kuseweretsa galimoto imeneyi? Iwe ndi mnzako wa makina uja. Lero chinthu chako chandikana paphiri. Ukanakamuuza chiyani mwana? Ukanati amayi ako afa chifukwa ine ndimafuna galimoto yothamanga?"

Anthu anayandikira. Wina anati, "Ndi mwamuna wake ameneyo?" Wina anati, "Amakanikowa ndi choncho, amaphunzirira pa miyoyo ya anthu." Mkamwini wanga anangoti chete, shati ili m'manja, maso pansi. Ndinamudikira kuti anene. Anali ndi mawu okwanira kudziombola, ochepa chabe, ndipo ndinaona kuti sawanena, lero kapena tsiku lina lililonse. Wamatayala anali ataima kumbuyo kwa anthu, akundiyang'ana.

"Amayi," ndinatero. Ndimamutchula choncho kuyambira ali wakhanda. "Si iyeyu. Buleki imene anaika inali yabwino, ndipo ilipobe, ndi yabwinobwino. Ndinaithimitsa ndine dzulo, pofufuta kompyuta. Anafuna kundiuza, ine ndinamudula pakamwa. Ndaziona lero hafu leveni."

Mwana wanga anandiyang'ana. Anayang'ana laputopu imene ndinaiika pa kalavati, kenako mwamuna wake.

"Inuyo, ababa?"

"Ineyo."

"Koma inu simulakwitsa."

Sananene monyoza. Ananena ngati mwana amene wauzidwa chinthu chimene sakuchimvetsa, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa akanandilalatira. Anthu aja anayamba kubalalika pang'onopang'ono, poti nkhani inali itasanduka ya pabanja.

Mwana wanga anayesa kuimirira koma anakhalanso pansi.

"Miyendo yakana," anatero. "Nthawi yonse ija inali bwinobwino."

"Pikapu ili pamwambapa," anatero Wamatayala. "Chipatala chili kumunsi, koma njira mwatseka nokha, adalaivala, ndiye tibwerera kumtunda. Jeke, dzina lakolo ligwire ntchito."

Mkamwini wanga anayang'ana mkazi wake, kudikira. Iye anagwedeza mutu pang'ono movomereza. Anamunyamula mosamala, dzanja lina kumsana, lina kunsi kwa mawondo, ndipo simenti inawayeretsa onse awiri.

"Ababa, gwirani mkonowu usalendewere," anatero mwana wanga. "Pansi pa chigongono. Osafinya."

Ndinaugwira ndi manja awiri, ndipo tinayamba kukwera, ine ndikuyenda chammbali kuti ndifanane nawo mayendedwe.